Chisoti chachifumu ndi zibonga: Basquiat ndi imfa ya Michael Stewart

Anthu ambiri akamva dzina la Jean-Michel Basquiat, chimene chimayamba kubwera m'mutu ndi ndalama. Pa 18 May 2017, pa okushoni ya Sotheby's ku New York, mpondamatiki wina wa ku Japan, Yusaku Maezawa, anagula chithunzi chake cha chigaza cha munthu pa mtengo wa madola 110.5 miliyoni. Chithunzi chomwecho chinagulidwa madola 19,000 mu 1984, wochijambula akadali moyo. Manyuzipepala a mayiko ambiri analemba nkhaniyi, ndipo lero kachisoti kake kachifumu ka nsonga zitatu kali ponseponse, pa matisheti, pa nsapato, pa zikwama. N'kutheka kuti ena mwa inu munakaonapo pa mulu wa kaunjika osadziwa kuti n'ka ndani.

Ine chimene chimandigwira mtima pa ntchito yake ndi kachithunzi kena kakang'ono, kosafika mita imodzi m'litali ngakhale m'lifupi. Anakajambula mu 1983 pa khoma la chipinda chimene mnzake Keith Haring ankagwiriramo ntchito, ndipo sikanali ka malonda. Anthu amakatchula kuti Defacement, ena amati The Death of Michael Stewart, kutanthauza imfa ya Michael Stewart. Ndikuona kuti munthu akakamvetsa kachithunzi kameneka, zithunzi zina zonse za mnyamatayu zimayamba kuwerengeka mosiyana.

Michael Stewart anali mnyamata wakuda wa zaka 25 wa ku Brooklyn, wojambula amene anaphunzirako pa Pratt Institute. M'bandakucha wa pa 15 September 1983 ankabwerera kwawo kuchokera ku East Village, dera la ku Manhattan kumene achinyamata aluso ankasonkhana masiku amenewo. Apolisi olondera sitima zapansi panthaka anamugwira pa siteshoni ya First Avenue, ati chifukwa cholemba pa khoma. Pasanathe ola limodzi anafika naye ku chipatala cha Bellevue atamangidwa manja ndi miyendo, thupi lili ndi mikwingwirima, ali chikomokere. Ophunzira a pa sukulu ya zaluso ya Parsons, amene malo awo ogona anayang'anizana ndi Union Square, anadzachitira umboni kuti anamva kukuwa ndipo anaona pa mawindo apolisi akumumenya. Michael sanatsitsimuke. Anagona masiku 13 ndipo anamwalira pa 28 September.

Anzake a Basquiat amanena kuti atamva nkhaniyi anagwidwa mantha, ndipo ankangobwereza mawu amodzimodzi akuti akanatha kukhala iyeyo. Sikunali kukokomeza. Onse awiri anali anyamata akuda owonda, a tsitsi lopotana lalitali, oyenda m'misewu imodzimodzi usiku. Onse ankamudziwa mtsikana mmodzi, Suzanne Mallouk, amene anakhalapo chibwenzi cha Basquiat kenako n'kudzagwirizana ndi Michael. Kuposa apo, mlandu umene anamugwirira Michael ndi womwewo umene Basquiat anatchuka nawo zaka zisanu m'mbuyomo. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pofika nthawi imeneyo Basquiat anali ataonetsa kale zithunzi zake ku Italy, ku Germany ndi ku Switzerland, m'thumba muli ndalama zambiri, koma ankadziwa kuti wapolisi wa pa siteshoni 3 koloko usiku safunsa za zimenezo.

Kuti timvetse mantha ake tiyenera kuyamba ndi kwawo. Anabadwa pa 22 December 1960 ku Brooklyn. Bambo ake, a Gérard Basquiat, anabadwira ku Port-au-Prince m'dziko la Haiti ndipo ku New York ankagwira ntchito yowerengera ndalama. Mayi ake, a Matilde, anabadwira ku Brooklyn komweko m'banja lochokera ku Puerto Rico. Silinali banja losauka. Mwanayu anakula akumva Chingerezi, Chisipanishi ndi Chifalansa, ndipo mayi ake ankapita naye kunyumba zoonetserako zaluso, mpaka anamulembetsa kukhala membala wa Brooklyn Museum ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikunena izi chifukwa pambuyo pake anthu ogulitsa zithunzi ndi atolankhani ena anakonda kumufotokoza ngati mwana wa mumsewu amene luso linangomugwera, wosaphunzira, wosadziwa kanthu za mbiri ya zojambula. Nthano imeneyo inkagulitsa malonda, koma inali yabodza.

Dzina la Haiti linali katundu wolemera kulisenza ku America wa zaka zimenezo. Haiti ndi dziko limene akapolo anadzimasula okha. Anaukira mu August 1791 m'minda ya nzimbe ya Saint-Domingue, dziko limene linkapindulitsa France kuposa mayiko onse amene ankawalamulira. Mtsogoleri wawo Toussaint Louverture anagwidwa mwachinyengo n'kukafera m'ndende yozizira ya Fort de Joux ku France mu 1803, koma Jean-Jacques Dessalines anamaliza nkhondoyo ndipo analengeza ufulu pa 1 January 1804. Chilango chake chinabwera mu 1825, pamene France anaumiriza dziko latsopanoli kulipira mafalanki 150 miliyoni monga chipukuta misozi kwa eni akapolo aja. America sanavomereze kuti Haiti ndi dziko mpaka 1862, ndipo asilikali ake analilanda kuyambira 1915 mpaka 1934.

Ife a kuno mbiri imeneyi tisaione ngati ya kutali kwambiri. M'zaka za m'ma 1780 zombo za Afalansa zinkazungulira kummwera kwa Africa kudzagula anthu pa madoko a Mozambique ndi Kilwa, ndipo ena mwa anthuwo anakatsitsidwa ku Saint-Domingue, kumene m'mabuku a eni minda ankangolembedwa kuti ndi a mtundu wa Mozambique. Njira zina zopita ku madoko amenewo zinkachokera kumtunda kuno, m'madera ozungulira nyanja yathu. Sindikunena kuti Basquiat anali mbale wathu wa magazi. Ndikungoti pakati pa anthu amene ankadula nzimbe ku Saint-Domingue pamene moto unkabuka mu 1791 panali ena obadwira mbali ino ya Africa.

M'nthawi ya Basquiat, anthu a ku Haiti ankathawa ulamuliro wankhanza wa François Duvalier ndi mwana wake Jean-Claude, amene analamulira kuyambira 1957 mpaka 1986. Kuyambira 1981 boma la Ronald Reagan linayamba kubweza maboti awo panyanja, ndipo ena amene anafika kumtunda ankatsekeredwa ku malo otchedwa Krome pafupi ndi Miami. Kenako mu March 1983, miyezi isanu ndi umodzi Michael Stewart asanagwidwe, bungwe la boma loona za matenda la CDC linatchula magulu anayi a anthu amene linati ali pachiopsezo chachikulu cha Edzi. Gulu limodzi mwa anayiwo linali mtundu wathunthu, anthu a ku Haiti. Ambiri anachotsedwa ntchito, ana awo ankasalidwa kusukulu. Dzinali linafufutidwa pa mndandandawo mu 1985, koma chitonzo chinatsala. Amene tinaona mmene Edzi inasandutsira anthu a kumwera kwa Africa kukhala okayikiridwa pa zipata za mayiko a eni sitifunika kufotokozeredwa zambiri.

Ubwana wa Jean-Michel unasokonekera mu 1968. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anagundidwa ndi galimoto akusewera mumsewu. Anathyoka mkono, madokotala anamuchotsa kapamba, ndipo anagona m'chipatala pafupifupi mwezi. Mayi ake anamubweretsera buku la madokotala lotchedwa Gray's Anatomy, lodzaza ndi zithunzi za mafupa, mitsempha ndi ziwalo za m'kati, chilichonse chili ndi dzina lake pambali. Buku limenelo silinachoke m'maso mwake. Anthu a m'zithunzi zake ambiri amaoneka ngati khungu lawo ndi galasi, nthiti ndi mano zili poyera, pambali palembedwa dzina la chiwalo. Chaka chomwecho makolo ake anapatukana ndipo ana anatsala ndi bambo. Mayi ake anadzayamba kudwala matenda a maganizo n'kumalowa ndi kutuluka m'zipatala. Banjali linakakhalako ku Puerto Rico pakati pa 1974 ndi 1976. Ali ndi zaka 15 anathawa pakhomo n'kumagona m'paki ya Washington Square, ndipo ali ndi zaka 17 anachokeratu, sukulu osaimaliza.

Pa nthawiyo iye ndi mnzake Al Diaz anali atayamba kulemba timawu pa makoma a kumunsi kwa Manhattan, n'kumasainira kuti SAMO, chidule cha mawu achipongwe a mumsewu onena kuti zonse n'zakale zomwe zija. Sankalemba mayina awo ndi zilembo zikuluzikulu zokongoletsa monga ankachitira anyamata olemba pa sitima. Ankalemba ziganizo zifupizifupi zonyodola chipembedzo, ndale ndi anthu a ndalama, ndipo ankasankha makoma oyandikana ndi nyumba zogulitsiramo zithunzi ku SoHo, kumene eni malonda azikaziona. Nyuzipepala ya Village Voice inalemba za iwo mu December 1978. Pofuna chakudya Basquiat ankagulitsa mapositikhadi ndi matisheti ojambula yekha. Anayambitsanso gulu loimba limene analitcha Gray.

Kukwera kwake kunali kwa liwiro loopsa. Mu June 1980 anaonetsa nawo ntchito yake pa Times Square Show. Mu February 1981 anali pa chionetsero cha New York/New Wave ku P.S.1, ndipo mu May chaka chomwecho anachita chionetsero chake choyamba payekha ku Modena m'dziko la Italy. Mu December wolemba René Ricard anamutamanda m'magazini ya Artforum. Mu 1982, ali ndi zaka 21, anali wamng'ono pa ojambula onse amene anaitanidwa ku chionetsero chachikulu cha Documenta ku Kassel m'dziko la Germany. Zonsezi zinachitika m'zaka ziwiri zokha.

Mmene ankamunenera ndiye pali nkhani. Annina Nosei, mayi wogulitsa zithunzi, anamupatsa chipinda cha pansi pa sitolo yake kuti azigwiriramo ntchito, ndipo mphekesera zinafala kuti kumeneko kuli kamnyamata kakuda kotsekeredwa, kongotulutsa zithunzi ngati makina. Basquiat atafunsidwa anakana kuti sanatsekeredwepo, ndipo ananena kuti akanakhala mzungu anthu akanangoti ndi wojambula wopatsidwa malo ogwirirapo ntchito. Pa kucheza kwina kojambulidwa pa kanema, womufunsa atatchula kuti luso lake ndi lachibadwa cha anthu oyambirira, iye anamubwezera funso lakuti kodi akutanthauza ngati la nyani. Mu February 1985 magazini ya New York Times inamuika pachikuto atavala suti yodula, kumapazi kulibe nsapato. Munthu yemweyo akatuluka panja, oyendetsa matakisi ankamudutsa osaima. Anzake ambiri anachitira umboni zimenezi.

Nanga ankajambula chiyani? Henry Geldzahler atamufunsa funso limeneli mu 1983, anayankha ndi zinthu zitatu: ufumu, ungwazi ndi misewu. Kwina ananena kuti anazindikira kuti m'zithunzi zimene ankaona munalibe anthu akuda ambiri, n'chifukwa chake munthu wakuda ndiye mwini nkhani m'zithunzi zake zochuluka. Apa ndi pamene ine ndimamuona ngati wolemba mbiri amene anasankha penti m'malo mwa buku. Anajambula akatswiri a nkhonya Jack Johnson, Joe Louis, Sugar Ray Robinson ndi Cassius Clay. Anajambula oimba jazi Charlie Parker ndi Dizzy Gillespie. Ena anawaveka chisoti chachifumu, ena anawaika kuwala kozungulira mutu konga kwa oyera mtima a m'tchalitchi. Nthawi zina nkhope sankavutika nayo n'komwe, ankangolemba dzina ndi zilembo zikuluzikulu, ngati mmene timalembera pa mwala wa pamanda.

Koma ulemu umenewu sunali wa chikondwerero chokha. Chithunzi cha mu 1982 chotchedwa St. Joe Louis Surrounded by Snakes chikuonetsa katswiriyo atakhala pansi, atazunguliridwa ndi anthu amene dzina la chithunzi likuwatcha njoka. Joe Louis anapanga ndalama zambiri m'bwalo la nkhonya koma anakalamba ali ndi ngongole yaikulu ya msonkho. Charlie Parker, amene Basquiat anamupatsa ufumu m'chithunzi cha Charles the First, anamwalira ali ndi zaka 34, thupi litatha ndi mankhwala osokoneza bongo. Mnyamata wa zaka 21 amene ankasankha anthu otere kukhala mafumu ake ankadziwa bwino zimene America amachita ndi munthu wakuda waluso, ndipo sindikukayika kuti ankadziwerengera m'gulu lomwelo.

Pali chithunzi china cha mu 1982 chimene ndikanakonda chikanamaonetsedwa m'makalasi a mbiri kuno kwathu. Dzina lake ndi lalitali, Natives Carrying Some Guns, Bibles, Amorites on Safari, ndipo likunena za eni dziko atasenza mfuti ndi Mabaibulo pa ulendo wa azungu. Mbali ina kuli munthu wakuda, maso ali tong'o, atanyamula bokosi pamwamba pa mutu, pa bokosipo palembedwa dzina la kampani ya shuga. Mbali inayo kuli mzungu wovala chipewa cha atsamunda, mfuti ili m'manja. Pozungulira pali mawu omwazikana: amishonale, opha nyama mozemba, minyanga, zikopa, ndipo m'malo mwa chilembo cha S m'mawu ena anaikamo chizindikiro cha dola. Aliyense amene agogo ake anamufotokozerapo za amtengatenga, amuna amene ankasenza katundu wa azungu pamutu kuchokera ku madoko a mtsinje wa Shire kukwera mapiri, amuzindikira munthu wa bokosiyo. Basquiat anali asanapondepo mu Africa pamene ankajambula zimenezi. Anazitola m'mabuku, ndipo anaona msanga kuti Baibulo, mfuti, mnyanga ndi shuga zinkayenda m'katundu mmodzi.

Shuga ameneyo amapezekanso m'zithunzi zina, limodzi ndi thonje, fodya, mchere ndi golide, mayina a katundu amene anthu anagulitsidwira. Anajambula msika wa akapolo m'chithunzi cha Slave Auction. Anajambula chombo cha akapolo pambali pa zizindikiro za Igupto wakale m'chithunzi chimene chimadziwika kuti The Nile. Dzina la Toussaint analiika pa chithunzi cha mu 1983. Anali ndi chizolowezi cholemba mawu kenako n'kuwakhwatcha ndi mzere, ndipo anafotokoza kuti amatero kuti anthu awaone kwambiri, chifukwa mawu obisika amakopa maso. Ine ndimaonamo chinthu china chowonjezera. Mbiri ya anthu akuda ku America ndi ku Caribbean inafika kwa iye ili yokhwatchidwa kale, mayina atasinthidwa, kwawo kwa anthu kutafufutidwa, ndipo iye anaijambula mmene anaipezera, mzere wokhwatcha uli pomwepo.

Apolisi nawonso anali atawajambula kale Michael asanafe. Mu 1981 anajambula La Hara, dzina limene anthu a ku Puerto Rico okhala ku New York amatchulira apolisi, wapolisi woyera ngati chigoba, maso ofiira. Chaka chomwecho anajambula Irony of Negro Policeman, wapolisi wakuda amene chipewa chake chikuoneka ngati khola lotsekera mutu wake. Choncho pamene anafika ku chipinda cha Keith Haring masiku a imfa ya Michael, dzanja linali lozolowera kale.

Kachithunziko n'kosavuta kukafotokoza. Apolisi awiri ovala yunifolomu yabuluu, nkhope zofiirira ngati nyama yaiwisi, mmodzi mano ali pamtunda, akweza zibonga. Pakati pawo pali munthu wakuda bii, wopanda maso, wopanda pakamwa, wopanda manja ooneka, ngati mthunzi. Apolisiwo ali ndi nkhope, zipewa ndi mabaji, koma womenyedwayo alibe chilichonse chomuzindikiritsa. Munthu amene ankaveka ngwazi zake zisoti zachifumu uyu sanamuveke. Pamwamba analemba liwu limodzi, defacement, pakati pa zizindikiro ziwiri za funso, choyambacho chozondoka monga amalembera m'Chisipanishi, chinenero cha mayi ake. Liwuli ndi limene malamulo amagwiritsa ntchito ponena za kuipitsa khoma kapena katundu wa boma, mlandu umene anamugwirira Michael. Koma m'kati mwake muli liwu la Chingerezi lotanthauza nkhope, ndipo likamasuliridwa mmene lilili limanena za kuchotsa nkhope. Funso lake ndi limenelo: chimene chinaipitsidwa usiku uja n'chiyani, khoma la siteshoni kapena nkhope ya mwana wa munthu?

Mlanduwo unayenda mmene ambiri ankaopera. Dokotala wamkulu wa mzinda woyeza mitembo, Elliot Gross, poyamba ananena kuti Michael anafa chifukwa mtima unaima ndipo panalibe umboni woti kuvulala ndiko kunamupha. Patapita milungu ingapo anasintha n'kunena kuti anavulala msana cha m'khosi. Madokotala oimira banja anati anakanyangidwa pakhosi. Apolisi asanu ndi mmodzi anaimbidwa mlandu, ndipo pa 24 November 1985 gulu la anthu wamba osankhidwa kugamula mlanduwo, onse azungu, linawapeza osalakwa. Mu 1990 banja la Michael linapatsidwa madola 1.7 miliyoni kuti nkhani ithe. Palibe wapolisi amene analowa m'ndende.

Ena amafunsa ngati n'koyenera kumutcha Basquiat womenyera ufulu. Funsoli ndi lomveka. Sadziwika kuti ankatsogolera zionetsero kapena kulankhula pa misonkhano, ndipo pa nkhani ya Michael anthu ena, monga Suzanne Mallouk, ndiwo anathamangathamanga kusonkhanitsa anthu ndi ndalama. Keith Haring anajambula chithunzi chachikulu cha imfayi mu 1985, ndipo Spike Lee anatchula banja la Michael Stewart pakati pa mabanja amene anawaperekera filimu yake ya Do the Right Thing mu 1989. Poyerekeza ndi amenewa, zimene Basquiat anachita zikuoneka zazing'ono, kachithunzi ka pa khoma la mnzake kamene anthu ochepa okha anakaona. Komabe ine sindimuchotsera dzinalo. Haring anali mzungu, ndipo iye mwini anagwidwapo kangapo chifukwa chojambula m'masiteshoni omwewo n'kutulutsidwa ali bwinobwino. Basquiat analibe chitetezo chimenecho. Nkhondo yake anaimenyera kumene anali yekhayekha, m'nyumba zoonetsera zithunzi zimene pafupifupi aliyense wogula, wogulitsa ndi wolemba ndemanga anali mzungu. Anachititsa anthu olemera kupachika m'zipinda zawo zochezera misika ya akapolo ndi mayina a anthu amene makolo awo sakanawalola kulowa pakhomo la kutsogolo. Kaya eni nyumbawo ankawerenga zimene zinalembedwa pa zithunzizo, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndikuganiza kuti funso limeneli linkamudya iye mwini.

Zaka zake zomaliza ndizidutsa mwachangu, chifukwa zalembedwa kale mopitirira muyeso ndi anthu okonda nkhani za kugwa kwa munthu. Anagwirizana kwambiri ndi Andy Warhol, amene anamubwereketsa nyumba pa Great Jones Street, ndipo anajambula zithunzi zambiri limodzi. Chionetsero chawo cha mu September 1985 chinanyozedwa, ndipo wolemba ndemanga wa New York Times anamutcha Basquiat kachidole ka anthu a zaluso. Mawuwo anamubaya, ubwenzi uja unazilala. Warhol atamwalira mu February 1987, Basquiat anadzipatula ndipo heroin anamugwira kwambiri.

Pakati pa zimenezi, mu 1986, anapita ku Africa. Zithunzi zake zinaonetsedwa ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire, ndipo anayenda ulendo wa kumpoto mpaka ku Korhogo, kwa anthu a mtundu wa Senufo. Mu January 1988 ku Paris anakumana ndi wojambula wa ku Côte d'Ivoire, Ouattara Watts, ndipo anakhala mabwenzi. Anapangana zopita limodzi kwawo kwa Ouattara chaka chomwecho. Ulendowo sunachitike. Basquiat anapezeka atafa m'nyumba ya pa Great Jones Street pa 12 August 1988 ali ndi zaka 27, atapyola muyeso wa heroin. Anaikidwa ku manda a Green-Wood ku Brooklyn. Chimodzi mwa zithunzi zake zomaliza, Riding with Death, chikuonetsa munthu wakuda atakwera pa mafupa oyera ngati wakwera kavalo.

Atangomwalira, wolemba ndemanga wotchuka Robert Hughes analemba nkhani yomupeputsa, yomufanizira ndi wankhonya wa sikelo yopepuka. Nyumba zikuluzikulu zosungira zaluso ku New York sizinachite naye chidwi kwenikweni ali moyo, ndipo chionetsero choyamba chachikulu cha ntchito yake yonse chinachitika ku Whitney Museum mu 1992, patatha zaka zinayi ali m'manda. Pamene nyumbazi zinkadzidzimuka, mitengo inali itakwera kale moti sizikanakwanitsa kugula. N'chifukwa chake zithunzi zake zambiri zili m'manja mwa anthu olemera, zina m'nyumba zawo, zina m'mosungira katundu. Mwana wa ku Brooklyn kapena wa ku Port-au-Prince amene akufuna kuona mafumu amene Basquiat anamujambulira amadalira kuti mwini chithunzi akhale ndi mtima wobwereketsa.

Kachithunzi ka Michael kanapulumuka chifukwa cha Haring. Posamuka m'chipinda chija mu 1985 anadula chigawo cha khomacho n'kupita nacho, ndipo pambuyo pake anachiika m'felemu yagolide. Chinali chopachikidwa pamwamba pa bedi lake pamene ankamwalira ndi Edzi mu February 1990. Kwa zaka zambiri olemba za Basquiat sankakalabadira kwenikweni. Amene anakatulutsa poyera ndi mayi wachikuda wofufuza zaluso, Chaédria LaBouvier, amene anakaonetsa ku Williams College mu 2016, kenako ku Guggenheim Museum ku New York mu 2019. Kumeneko anakaika pamodzi ndi La Hara ndi Irony of Negro Policeman, mapepala oitanira anthu ku zionetsero za mu 1983, komanso zithunzi zimene Michael Stewart mwini wake anajambula, zimene banja lake linasunga kwa zaka 36. Pa nthawi ya chionetserocho anthu a ku New York anali akukanganabe za Eric Garner, bambo wakuda amene anafa mu July 2014 wapolisi atamukanyanga pakhosi ku Staten Island. Wapolisiyo sanaimbidwe mlandu kukhoti. Anachotsedwa ntchito mu August 2019, zithunzi za Michael zikadali pa khoma la Guggenheim.